Mbiri ya Malamulo a Kudziikira Magetsi M'khitchini ku England ndi ku Wales

Ku England ndi ku Wales sikunakhalepo lamulo loletsa mwini nyumba kugwira yekha ntchito ya magetsi m'nyumba mwake. Kuchokera m'zaka za m'ma 1880, pamene mawaya oyamba analowa m'nyumba zogona anthu, kufikira kumapeto kwa 2004, munthu ankatha kupita kusitolo, kugula waya, kusema khoma la m'khitchini n'kudziwonjezera masoketi osauza ofesi iliyonse ya boma. Boma linalowererapo pa 1 Januwale 2005, litawonjezera gawo lotchedwa Part P pa malamulo a zomangamanga. Gawo limeneli nalo silinalande anthu ufulu wawo wakalewo. Linalamula kuti ntchito iliyonse ya magetsi ya m'nyumba izigwiridwa mosaika moyo wa munthu pachiswe, ndi kuti ntchito zina zizionedwa ndi munthu wodziwa. Pa zipinda zonse za m'nyumba, khitchini ndiyo inavutitsa opanga malamulo. Mu 2005 anaiika m'gulu la malo oyenera kuyenderedwa, ku England anaichotsamo patatha zaka zisanu ndi zitatu, koma ku Wales ikadali momwemo mpaka lero.

Magetsi atangoyamba kulowa m'nyumba, chimene anthu ankaopa kwambiri chinali moto. Joseph Swan anayatsa mababu amene anapanga m'nyumba mwake ku Gateshead, ndipo mu 1880 mababu a mtundu womwewo anaikidwa ku Cragside, chinyumba cha William Armstrong ku Northumberland. Tauni ya Godalming inayamba kugawira anthu magetsi mu 1881, ndipo chaka chotsatira kampani ya Edison inatsegula malo opangira magetsi ku Holborn Viaduct mu London. Mawaya a masiku amenewo ankakutidwa ndi labala ndi nsalu, n'kudutsitsidwa m'timatabwa tosemedwa mipata, moti polumikizira pakatentha timatabwa tomweto tinkayaka. Nyumba ikapsa olipira anali makampani a inshuwalansi, n'chifukwa chake iwo anali m'gulu la oyamba kulemba malamulo. Kampani ya Phoenix Fire Office inatulutsa ake mu 1882. Chaka chomwecho bungwe la akatswiri lotchedwa Society of Telegraph Engineers and of Electricians linasindikiza kabuku ka masamba anayi okha kofotokoza njira zopewera moto wobuka chifukwa cha nyali zamagetsi. Kabuku kameneka ndiko kanabala buku lalikulu la Wiring Regulations limene amisiri a ku Britain amatsata lero, lomwe linafika pa kope la 18 mu 2018. Bungwelo linadzatchedwa Institution of Electrical Engineers, ndipo kuyambira 2006 limadziwika kuti IET.

Malangizo a akatswiriwa sanali lamulo la dziko. Mphamvu yake inkachokera kwa a inshuwalansi, amene ankatha kukana kuteteza nyumba yoikidwa mawaya mwachisawawa, ndi kwa ogulitsa magetsi, amene ankatha kukana kuilumikiza. Nyumba ikangolumikizidwa, zochitika mkati mwake zinali za mwini wake. Dongosolo limeneli linakhalapo zaka zoposa 120, ndipo zambiri zimene zinachitika pambuyo pake zimamveka bwino munthu akalikumbukira.

Poyamba khitchini inalibe nazo kanthu kwenikweni zamagetsi. Anthu ankaphikira malasha kapena gasi, magetsi n'kukhala owunikira basi. Amene anagula simbi yamagetsi nthawi zambiri ankachotsa babu n'kulumikiza simbiyo pa malo a babulo, poti soketi m'nyumba zambiri munalibe. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, nyumba zokhala ndi magetsi zinali pafupifupi 6 pa 100 zilizonse. Lamulo la 1926 linakhazikitsa Central Electricity Board, bungwe limene linamanga mizere ikuluikulu yolumikiza malo opangira magetsi m'dziko lonse, ndipo pofika 1939 pafupifupi nyumba ziwiri mwa zitatu zilizonse zinali ndi magetsi.

Chizolowezi chakuti mwini nyumba azidzigwirira tintchito ta magetsi chinakula m'zaka zimenezi, ndipo ochikulitsa anali omwewo ofuna kuti magetsi afale. Bungwe la amayi la Electrical Association for Women, lomwe linayamba mu 1924 motsogozedwa ndi Caroline Haslett, linkaphunzitsa amayi a pakhomo kusintha fyuzi yopsa, kumanga pulagi ndi kuwerenga mita. Mu 1934 linatulutsa buku la amayi lonena za magetsi, ndipo linkagulitsa ngakhale nsalu zopukutira mbale zojambulidwa mmene mawaya amalowera m'pulagi. Cholinga chinali kuchotsa mantha. Mayi woopa magetsi sakanagula mbaula yamagetsi, ndipo mayi wodikira mmisiri nthawi iliyonse fyuzi ikapsa akanabwerera ku gasi. Phunziro limeneli linakhalitsa, chifukwa kwa zaka zambiri ziwiya zamagetsi ku Britain zinkagulitsidwa zopanda pulagi. Munthu ankafika nayo kunyumba ketulo yatsopano ili ndi waya wongothera m'malere, n'kumanga yekha pulagi. Malamulo a 1994 ndiwo anakakamiza ogulitsa kuti chiwiya chizituluka m'sitolo pulagi ili kale.

Kaikidwe ka mawaya kamene kali m'makhitchini ambiri a ku Britain lero kanaganiziridwa nkhondo yachiwiri ili mkati. Mu 1942 panakhazikitsidwa komiti yoti ikonze mmene nyumba zodzamangidwa nkhondo ikatha zidzaikidwire magetsi, ndipo Haslett anali mayi yekhayo m'komitimo. Lipoti lake linatuluka mu 1944. Popeza kopa anali wosowa, komitiyo inasankha njira yotchedwa ring: waya umachoka pa bokosi la mafyuzi, n'kudutsa pa soketi iliyonse, n'kubwereranso pa fyuzi yomweyo. Motero magetsi amafika pa soketi kudzera mbali ziwiri, ndipo waya wocheperako umakwanira kunyamula katundu amene akanafuna waya wonenepa. Poti fyuzi ya laini yonse inali yaikulu, ya ma amp 30, pulagi iliyonse inafunika kukhala ndi fyuzi yakeyake yosapitirira ma amp 13. Umu ndi mmene inabadwira pulagi ya mano atatu amakona anayi, yomwe muyezo wake, BS 1363, unatuluka mu 1947, pamodzi ndi soketi yokhala ndi titseko totchinga mabowo kuti mwana asapisemo kanthu. Pulagi yomweyi ndi imene imagwira ntchito ku Malawi, ndipo imapezekanso ku Zambia ndi ku Zimbabwe.

Njira ya ring inapeputsa ntchito ya munthu wofuna kuwonjezera soketi, chifukwa ankangotenga nthambi pa soketi yapafupi. Koma ili ndi vuto lobisika limene limakhudza nkhani yonseyi. Waya ukaduka kapena kumasuka pa malo amodzi, masoketi onse amapitiriza kugwira ntchito, poti magetsi akufikabe kudzera mbali inayo. Ketulo imawira, firiji imazizira, palibe chodandaulitsa. Komatu tsopano katundu yense angathe kudutsa m'waya umodzi wa masikweya milimita 2.5, pamene chotetezera chake, chomwe masiku ano chimakhala cha ma amp 32, sichizima chifukwa chinaikidwa poyembekezera mawaya awiri. Wayayo amatentha pang'onopang'ono mkati mwa khoma. Vuto lotere silioneka ndi maso, limapezeka ndi chipangizo choyezera chokha. Munthu amene wamaliza ntchito n'kuona kuti zonse zikuyaka amakhala asanatsimikize kalikonse za chitetezo chake, ndipo pamenepa ndi pamene ntchito ya mmisiri imasiyanirana ndi ya munthu wongoyesa.

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kudzikonzera nyumba, kumene Angerezi amakutcha DIY, kunasanduka chikhalidwe. Mabanja ambiri anagula nyumba zawozawo, amisiri anakwera mtengo, ndipo zipangizo zinayamba kupezeka mosavuta. Magazini ya Practical Householder inayamba kutuluka mu 1955, Barry Bucknell ankaonetsa anthu miyandamiyanda pa wailesi ya kanema ya BBC mmene angakonzere nyumba yakale, ndipo mu 1969 Richard Block ndi David Quayle anatsegula sitolo yoyamba ya B&Q ku Southampton. Mawaya okutidwa ndi pulasitiki ya PVC analowa m'malo mwa a labala ndi a mtovu, ndipo anali osavuta kusenda ndi kupinda. Nthawi yomweyo khitchini inasintha nkhope. Kabati yoima payokha inasiyira malo makabati omangirira kukhoma, ndipo munalowa firiji, makina ochapira zovala, uvuni wamagetsi, kenako makina otsukira mbale ndi mayikulowevu. Khitchini imene inamangidwa ndi soketi imodzi kapena ziwiri inayamba kufuna khumi.

Oyang'anira ntchito yonseyi kunalibe. Bungwe la NICEIC linakhazikitsidwa mu 1956 kuti lizilemba m'kaundula makampani a zamagetsi odalirika ndi kuyendera ntchito zawo, koma kulembetsa kunali kwa ofuna. Aliyense ankatha kulemba pa galimoto yake kuti ndi mmisiri wa magetsi. Ku gasi zinthu zinayenda mosiyana. Mu 1968 gasi wotuluka polumikizira chitofu anaphulika m'khitchini ina ya m'nyumba yosanja ya Ronan Point kum'mawa kwa London, ngodya yonse ya nyumbayo n'kugumuka, anthu anayi n'kufa. Kaundula wa amisiri a gasi wotchedwa CORGI anayamba mu 1970, ndipo kuyambira 1991 aliyense wogwira ntchito ya gasi molipidwa anakakamizidwa kulembetsa. Ku Australia lamulo limaletseratu munthu wopanda laisensi kuika mawaya, ngakhale m'nyumba yakeyake. Ku Scotland malamulo a zomangamanga anali atakhudza kale za magetsi. Koma ku England ndi ku Wales malamulo a 1989 otchedwa Electricity at Work Regulations anateteza malo a ntchito okha. Buku la akatswiri lija linalandiridwa kukhala muyezo wa dziko, BS 7671, mu 1992, komabe panalibe lamulo lokakamiza kuti lizitsatidwa m'nyumba zogona. Zotsatira zake zinali zodabwitsa ndithu: khonsolo inkayendera maziko, ngalande za zonyansa ndi masitepe a nyumba, koma mawaya, omwe angathe kupha munthu m'kanthawi kochepa, sinkawayang'ana.

Kuopsa kwa khitchini kumachokera ku zinthu zingapo zokumana malo amodzi. Muli madzi ndi manja onyowa. Muli zitsulo zambiri zolumikizana ndi nthaka, monga mipope, sinki ndi matupi a makina, zomwe zimapatsa magetsi njira yodutsira m'thupi la munthu akakhudza chinthu chamoto ndi dzanja lina. Mulinso ziwiya zodya magetsi kwambiri: ketulo yokha imatha kudya ma kilowatt atatu, omwe ndi pafupifupi ma amp 13 onse a pulagi. Kuwonjezera apo, khitchini ndi chipinda chimene chimaphwasulidwa kawirikawiri. Sinki ikasuntha masoketi amasuntha, uvuni ukasamukira kukhoma lina waya wake amaulondola, ndipo zonsezo zimakwiriridwa ndi pulasitala, matailosi ndi makabati. Nthawi zambiri wogwira ntchitoyo amakhala kalipentala kapena woika makabati, amene magetsi amangowagwira mongodutsa kuti ntchito ithe msanga. Nyumba zakale zili ndi msampha winanso. Lisanatuluke kope la 14 la 1966, malaini a nyali sankakakamizidwa kukhala ndi waya wa earth, wolumikiza zitsulo ku nthaka, kotero munthu woika nyali zachitsulo zamakono pa laini yotere amasiya chitsulo chimene chingagwire magetsi popanda chowazimitsa.

Pofuna kuteteza munthu amene adzaboole khoma m'tsogolo, akatswiri anagwirizana za malo odutsitsa mawaya obisika. Waya ayenera kuchoka pa soketi kapena pa swichi molunjika m'mwamba, m'munsi kapena cham'mbali, kapena kudutsa mkati mwa mamilimita 150 kuchokera kudenga kapena pa ngodya ya makoma awiri. Akadutsa kwina kulikonse ayenera kukwiriridwa mozama mamilimita 50 kapena kuposa, apo ayi akutidwe ndi chitsulo cholumikizidwa ku earth. Lamulo limeneli ndi pangano pakati pa anthu awiri amene mwina sadzaonana: woika waya lero, ndi wodzakhoma shelefu zaka khumi zikubwerazo.

Mu 2004 dziko linaona zimene zimachitika panganoli likaphwanyidwa. Mayi wina, mwana wa phungu wa Nyumba ya Malamulo, anafa atagwidwa nyesi m'khitchini mwake. Kafukufuku wa imfayo anapeza kuti amene anamanga khitchiniyo anadutsitsa waya mopendekeka ndiponso pafupi kwambiri ndi pamwamba pa khoma. Pambuyo pake pakhomapo panakhomedwa chitsulo chokolekapo ziwiya, pa malo amene aliyense akanayesa kuti palibe waya, ndipo sikuluu imodzi inakanda wayayo. Chitsulocho chinagwira magetsi, ndipo tsiku limene mayiyo anachikhudza mwendo wake utagunda chitseko cha makina otsukira mbale, magetsi anadutsa m'thupi mwake. Anthu ambiri amanena kuti imfa imeneyi ndiyo inabweretsa Part P, koma ntchito yokonza lamulolo inali itayamba kale, ndipo boma linali litafunsa maganizo a anthu mu 2002. Chimene imfayo inachita ndi kuonetsa anthu chifukwa chake lamulo linkafunika. Ndi bwinonso kukumbukira kuti waya wolakwikayo sanaikidwe ndi mwini nyumba. Anaikidwa ndi anthu olipidwa.

Part P yeniyeniyo ndi yaifupi kwambiri. Imafuna kuti magetsi a m'nyumba akonzedwe ndi kuikidwa m'njira yoteteza ku moto ndi ku kuvulala anthu owagwiritsa ntchito, owakonza ndi owasintha. Tsatanetsatane ali m'chikalata china cha boma chotchedwa Approved Document P, chomwe chimalozera ku BS 7671 ngati njira yokwaniritsira lamulolo. Chikalatachi chinagawa ntchito pawiri. Zing'onozing'ono, monga kusintha soketi yosweka ndi ina yofanana nayo, sizinkafuna kudziwitsa aliyense, ngakhale m'khitchini. Kuwonjezera soketi pa laini yakale m'chipinda chogona kapena pabalaza nakonso kunali komasuka. Koma ntchito yomweyo ikachitikira m'khitchini, m'bafa kapena panja, inkayenera kudziwitsidwa, chimodzimodzi kuika laini yatsopano kapena kusintha bokosi la mafyuzi. Khitchini anaitanthauzira kuti ndi chipinda, kapena mbali ya chipinda, yokhala ndi sinki ndi malo okonzera chakudya.

Njira zodziwitsira zinali ziwiri. Yoyamba inali kulemba ntchito mmisiri wolembetsedwa ku limodzi la mabungwe ovomerezedwa ndi boma, monga NICEIC, NAPIT kapena ELECSA. Mmisiri wotere amayeza yekha ntchito yake, n'kuuza bungwe lake, bungwelo n'kuuza khonsolo, mwini nyumba n'kulandira satifiketi. Yachiwiri, yomwe inali ya munthu wodzigwirira yekha, inali kudziwitsa ofesi ya khonsolo yoyang'anira zomangamanga ntchito isanayambe, kulipira, n'kulola kuti adzaone mawaya asanakwiriridwe ndiponso kudzawayeza pomaliza. Wophwanya lamulo ankatha kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 5,000, ndipo khonsolo inali ndi mphamvu yolamula kuti ntchito yolakwika ichotsedwe kapena ikonzedwe. Milandu yotere inali yosowa. Chimene chinkaluma anthu kwenikweni chinali tsiku logulitsa nyumba, chifukwa fomu imene maloya amapatsa wogulitsa imafunsa ngati panachitika ntchito ya magetsi kuyambira pa 1 Januwale 2005, ndipo imafuna mapepala ake. Wopanda mapepala amayenera kupempha khonsolo kuti idzavomereze ntchitoyo mochedwa, zomwe nthawi zina zimatanthauza kuchotsa makabati kuti mawaya aoneke.

Lamuloli linafika nthawi imodzi ndi kusintha kwa mitundu ya mawaya. Kuyambira kumapeto kwa Malichi 2004 mawaya a m'makoma analoledwa kukhala ndi mitundu yofanana ndi ya m'maiko ena a ku Ulaya, wabulauni m'malo mwa wofiira, wabuluu m'malo mwa wakuda, ndipo pofika Epulo 2006 mitundu yakaleyo inaletsedwa pa ntchito yatsopano. Choncho m'makhitchini ambiri okonzedwanso muli mitundu yonse iwiri, ndipo wotsegula soketi angathe kuona zimene zinaikidwa lamulo litayamba.

Madandaulo anayamba pomwepo, ndipo ambiri anali omveka. Ndalama zolipira kukhonsolo nthawi zambiri zinkaposa mtengo wa soketi ndi waya wake kambirimbiri, moti munthu wofuna kutsata lamulo pa kantchito kochepa ankaona ngati akulangidwa chifukwa cha kukhulupirika kwake. Makhonsolo ambiri analibe antchito odziwa kuyeza magetsi, ndipo ankachita kulemba ganyu amisiri akunja. Anthu ochuluka anangopitiriza monga kale, osauza aliyense. Panalinso chosamveka china. Injiniya amene wagwira ntchito ya magetsi m'fakitale moyo wake wonse sankaloledwa kuvomereza yekha soketi ya m'khitchini mwake ngati sanalembetse ku mabungwe aja, pamene woika makabati amene wachita kosi ya masiku ochepa ankatha kulembetsa n'kumasainira ntchito m'nyumba za anthu ena. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za maboma aang'ono inafufuza nkhaniyi mu 2012 ndi mu 2014. Mwa zina inadandaula kuti kulembetsa kunali kwa kampani ndi woyang'anira wake mmodzi, kotero munthu amene wafika pakhomo ndi zida angathe kukhala wosaphunzira ntchitoyo mokwanira ngakhale galimoto yake ili ndi chizindikiro cha bungwe.

Pamene mkanganowu unkapitirira, kachipangizo kena kotchedwa RCD kanachepetsa ngozi yeniyeniyo kuposa mmene mapepala akanachitira. RCD imayerekeza magetsi otuluka pa waya wamoto ndi obwerera pa waya wa neutral. Akasiyana, ndiye kuti ena akuthawira kwina, mwina kudzera m'thupi la munthu, ndipo imazimitsa laini yonse sekondi isanathe. Fyuzi wamba imateteza waya kuti asapse, koma singapulumutse munthu, chifukwa mphamvu yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a amp ingathe kusokoneza mtima pamene fyuziyo ikudikira ma amp makumi atatu. Kope la 17 la 2008 linalamula kuti masoketi wamba a m'nyumba, ndiponso mawaya okwiriridwa m'khoma mosazama mamilimita 50, azitetezedwa ndi RCD ya ma milliamp 30. Ngozi ya mtundu wa ija ya 2004 ndi imene lamulo limeneli linalinga.

Boma limene linalowa mu 2010 linkafuna kuchepetsa malamulo olemetsa mabizinesi, ndipo Part P inali m'gulu la zounikidwa. Kuyambira pa 6 Epulo 2013 ntchito zoyenera kudziwitsidwa ku England zinatsala zitatu: kuika laini yatsopano, kusintha bokosi la mafyuzi, ndi kusintha kapena kuwonjezera mawaya pafupi ndi bafa kapena shawa, m'chipinda cha dziwe losambira kapena cha sauna. Khitchini ndi panja zinachotsedwa. Anatsegulanso njira yachitatu, yoti munthu wodzigwirira ntchito angathe kuitana mmisiri wolembetsedwa mwapadera kuti adzaione ndi kuivomereza m'malo mwa khonsolo, ndipo njirayi inayamba kugwira ntchito mu 2014. Bungwe loona za chitetezo la Electrical Safety Council, lomwe tsopano limatchedwa Electrical Safety First, linatsutsa kuchotsedwa kwa khitchini. Wales inali italandira mphamvu yodzipangira malamulo a zomangamanga pa 31 Disembala 2011, ndipo sinatsatire kusinthaku. Lero munthu wowonjezera soketi m'khitchini ku Chester sauza aliyense, pamene mnzake wa ku Wrexham, mtunda waufupi kutsidya kwa malire, ayenera kudziwitsa khonsolo kapena kuitana mmisiri wolembetsedwa. Scotland ili ndi dongosolo lakelake la zilolezo zomangira, ndipo Northern Ireland ilibe gawo lofanana ndi Part P.

Kusintha kwa 2013 kumamvedwa molakwa kawirikawiri. Chinachotsedwa ndi udindo wodziwitsa, koma udindo woti ntchito ikhale yotetezeka unatsala pa aliyense, kaya ndi mmisiri kaya ndi mwini nyumba. Amene akukonzanso khitchini yake ku England angathe kusuntha masoketi, kutenga nthambi pa laini yakale kapena kuika nyali za pansi pa makabati osapita kukhonsolo, komabe ntchitoyo iyenera kukwaniritsa muyezo ndipo iyenera kuyezedwa. Kuyezako kumaona ngati waya wa earth wafika paliponse osaduka, ngati ring ili yathunthu, ngati zokutira mawaya sizikudontha magetsi, ngati waya wamoto ndi wa neutral sanasinthanitsidwe, ndiponso ngati RCD ikuzima m'nthawi yake. Chipangizo choyezera zonsezi chimagulidwa mapaundi mazana angapo, ndipo eni nyumba ambiri alibe. Apa ndi pamene lamulo la 2013 linasiya mpata. Linachotsa mtolo umene unalidi wolemera mopitirira muyeso, koma silinaike njira yotsika mtengo yoti ntchito yaing'ono ya m'khitchini iziyezedwa, ndipo kuyeza ndiko kunali phindu lenileni la dongosolo lonselo.

Ngakhale zili choncho, makhitchini ambiri okonzedwanso amabwererabe m'manja mwa lamulo kudzera khomo lina. Mbaula zamakono za induction ndi mauvuni akuluakulu kawirikawiri zimafuna laini yakeyake yochokera pa bokosi, ndipo laini yatsopano iyenera kudziwitsidwa. Nyumba imene bokosi lake ndi lakale, la mafyuzi a waya lopanda RCD, nthawi zambiri imafunika bokosi latsopano masoketi atsopano asanaikidwe, ndipo kusintha bokosi nakonso n'koyenera kudziwitsidwa. Kuyambira Januwale 2016 mabokosi atsopano a m'nyumba ayenera kukhala osayaka moto, ndipo ambiri ndi achitsulo, chifukwa ozimitsa moto a ku London anaona kuti moto wambiri unkayambira m'mabokosi apulasitiki omangidwa mosalimbitsa mawaya. Nyumba zobwereketsa zinapatsidwa lamulo lakelake mu 2020, lokakamiza eni ake ku England kuyezetsa magetsi onse kamodzi pa zaka zisanu zilizonse ndi kupatsa ochita lendi lipoti lake. Nyumba imene mwini wake akukhalamo yekha ilibe lamulo lotere, ndipo mawaya a m'khitchini mwake angathe kukhala osayezedwa kuchokera tsiku limene anakwiriridwa mpaka tsiku limene nyumbayo idzagulitsidwe.